Amayi asiya kubwera kusikelo chifukwa cha nkhani ya katemera wokakamiza

Uku ndi kukambirana kwa alangizi a zaumoyo ndi namwino, kutsatira chilengezo cha boma cha mu December 2021.

Mlangizi wa ku Mchinji: Anzanga, ndithandizeni nzeru. Chilengezereni a nduna ya zaumoyo, mayi Khumbize Kandodo Chiponda, kuti katemera wa Covid-19 akhala wokakamiza kwa ogwira ntchito ena, kusikelo kwanga kwatsala mabenchi okhaokha. Amayi akangoona bokosi la katemera panjinga, amabereka mwana n'kulowera kumunda. Akuti tikubaya ana wa korona mwakabisira. Ana ambiri aphonya wa chikuku, amayi ena ngakhale jakisoni wolera wa Depo akumukana.

Mlangizi wa ku Dedza: Achimwene, kaonaneni ndi agulupu. Kuno mfumu ina inalamula kuti wokana katemera alipe nkhuku, anthu anabwera.

Namwino wa ku Balaka: Pepani, zachindapusazo ine ndikukana. Abwera tsiku limodzi, kenaka adzatidera zaka. Ngakhale a bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission atsutsa zokakamiza, ndipo anthu amva pawailesi. Chomwe chinalengezedwacho chikukhudza ogwira ntchito ngati ifeyo, osati mayi wam'mudzi kapena khanda lake. Yambani ndi kuwauza zimenezo mosapsatira.

Mlangizi wa ku Mchinji: Ndawauza, achemwali. Amandiyankha kuti ngati ndi wabwino, bwanji boma linamutentha?

Mkulu wa alangizi, Zomba: Funso limenelo musalizembe. Mu May 2021 ku Kamuzu Central Hospital anatenthadi katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 chifukwa masiku ake anali atatha. Auzeni kuti anamutentha poyera kuti aliyense aone kuti wotha ntchito sabayidwa kwa munthu. Koma vuto lanu lenileni ndi bokosi limodzi. Siyanitsani masiku: sikelo payokha, wa Covid tsiku lina, malo enanso. Tsiku lasikelo muitane amayi awiri a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, atsegule okha bokosilo anthu akuona. Musanabaye, mupatseni mayi kabotolo agwire, awerenge dzina ndi tsiku lothera, aone mukulemba m'buku la mwana. Wosadziwa kuwerenga, mnzake amuwerengere, osati inuyo.

Namwino wa ku Balaka: Komanso tengani khadi lanu la katemera. Amayi amaopa kwambiri zoti asiya kubereka. Mnzathu wina anabayitsa gawo loyamba lija, pano ndi woyembekezera. Akaimirira kutsogolo, mafunso amachepa okha.

Mlangizi wa ku Dedza: Nanga ampingo oletsa mankhwala aja?

Mkulu wa alangizi, Zomba: Amenewo musalimbane nawo pagulu. Pitani kunyumba kwa mbusa wawo madzulo, musanyamule bokosi. Ena amalola mwana abayidwe anzawo asakuona.

Mlangizi wa ku Mchinji: Zikomo akuluakulu. Mawa ndikapempha agulupu aitanitse msonkhano, koma zankhuku ayi. Sikelo ikhala Lachiwiri patchalitchi, wa Covid Lachisanu pamsika. Amene mwana wake anaphonya wa chikuku ndimutsata pakhomo ndi mavolontiya, kaundula ndili naye.