Mafuta a tarragon: ndisungunule bwanji kuti asakhale oopsa pakhungu?

Moni nonse a m'gulu lino. Ndikupempha thandizo kwa odziwa bwino za mafuta a zomera.

Ndili ndi kabotolo ka 10 ml ka mafuta a tarragon (chomera chonunkhira, dzina lake la sayansi ndi Artemisia dracunculus), otchezedwa ndi nthunzi kuchokera ku masamba. Ndikufuna kukonza mafuta otikitira pamimba pamene pakupotokola. Chondidetsa nkhawa ndi estragole, mankhwala achilengedwe opezeka m'mafutawa, yemwe mu tarragon wa ku France amapitirira theka la mafuta onse, ndipo anapezeka kuti amayambitsa khansa ya chiwindi mu mbewa zoyesera. N'chifukwa chake akatswiri a chitetezo amati pakhungu mafuta a tarragon asapyole 0.1%, kutanthauza dontho limodzi mu 50 ml ya mafuta osungunulira. Koma malangizo ena amati 1% kapena 2%. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu zedi.

Ndayesa dontho limodzi mu 50 ml ya mafuta osungunulira a jojoba, n'kupaka pang'ono mkati mwa mkono kwa maola 24. Khungu silinafiire kapena kuyabwa, koma fungo lake silikumveka n'komwe. Pakabotolo sanalembe kuchuluka kwa estragole, ndipo wogulitsa ndinamupempha lipoti la GC-MS (la ku labotale, losonyeza zimene zili m'mafuta) koma sanayankhe.

Kodi 0.1% imeneyi imachepetsadi kupotokola, kapena ndingogwiritsa ntchito mafuta ena monga a ginger? Nanga munthu amene amamwa aspirin tsiku lililonse angapake mafuta a tarragon, poti angathe kuchedwetsa kuundana kwa magazi? Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana ndawachotsa kale pa nkhaniyi, ndipo kumwa sindikuganizira n'komwe. Chonde ndithandizeni.