Nyimbo zikudukaduka pa Bluetooth m'galimoto yochokera ku Japan

Dalaivala_wa_ku_Area25:
Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Galimoto ndi ya 2013, yochokera ku Japan, ndipo wailesi ndi yomwe inabwera nayo. Foni ya Android ikulumikizika bwinobwino pa Bluetooth, koma nyimbo zikumadukaduka, ndipo sikirini ya foni ikangozima nthawi zina zimangoti zii. Ndikamayankhula ndi munthu pa foni mawu amamveka bwino. Vuto lili pa foni kapena pa wailesi?

Wamagetsi_Limbe:
Achimwene, musanagule kanthu yambani mwadziwa ngati likuduka ndi data kapena Bluetooth, chifukwa m'makutu zimamveka chimodzimodzi. Sungani nyimbo ziwiri zitatu mufoni, ikani airplane mode, kenako yatsani Bluetooth yokha muziyimbe. Zikayenda osaduka, kayikirani netiweki. Spotify ikakhala pa 160 kbps imadya pafupifupi 70 MB pa ola, ndiye foni ikatsika kuchoka pa 4G n'kufika pa E (netiweki yochedwa ya 2G), kachidutswa ka nyimbo kamene inasungiratu kamatha, nyimbo n'kuima. Mankhwala ake ndi kutsitsa quality kufika pa 96 kbps kapena kudawunilodiratu musananyamuke.

Zoti zimaima sikirini ikazima ndi nkhani ina. Imeneyo ndi foni imene ikugoneka app kuti isunge batire. Pitani ku Settings, Apps, sankhani app ya nyimboyo, Battery, muike pa Unrestricted. Battery saver nayo muizimitse mukakhala paulendo.

Mai_wa_Mafoni:
Zomwe anena a ku Limbe ndi zoona, koma pali kamsampha. Airplane mode imazimitsanso Wi-Fi ndi hotspot, choncho zikakhala bwino musathamangire kunena kuti ndi data. Bluetooth ndi Wi-Fi wamba zonse zimayenda pa 2.4 GHz, ndipo mafoni ambiri amagwiritsa chip imodzi pa zonse ziwiri. Okwera akamakoka intaneti pa hotspot yanu, nyimbo ndi zimene zimayamba kuvutika. Yesaninso data ili yoyatsa, hotspot ndi Wi-Fi zili zozima. Ngati hotspot ikufunikadi, isamutsireni pa 5 GHz. Wotchi ya Bluetooth kapena ma earbuds ngati zalumikizidwanso, zichotseni kaye poyesa.

Musadabwe kuti kuyankhula kukumveka bwino. Mawu a foni amadutsa pa njira ya Bluetooth yotchedwa HFP, imene imanyamula data yochepa kwambiri, pamene nyimbo zimadutsa pa A2DP. Njira ziwiri zosiyana zimenezi.

Wailesi ya 2013 ndi foni ya lero zimasemphananso pa AVRCP, yomwe imayendetsa play, pause ndi dzina la nyimbo pa sikirini ya galimoto. Zikasemphana, nyimbo imadziimitsa yokha kapena batani la pa chiwongolero silimva. Lowani About phone, dinani Build number ka 7, mutsegule Developer options, pa Bluetooth AVRCP version musankhe 1.4, ikakana 1.3. Mukatero fufutani pairing mbali zonse, pa foni ndi pa wailesi, muchotsenso mafoni akale amene anatsalira m'menemo kuchokera kwa mwini woyamba, muzimitse foni ndi kuyatsanso, n'kulumikiza mwatsopano. Ambiri amafufuta pa foni pokha, ndiye amati sizinathandize.

Za codec (njira imene foni imapanikizira mawu powatumiza ku wailesi): ngati pa dzina la galimoto mu Bluetooth pali HD audio, izimitseni kuti foni ibwerere pa SBC, codec wamba imene wailesi iliyonse ya A2DP imaidziwa. Kusintha codec mu Developer options kokha sikukhalitsa, kawirikawiri kumabwerera mukalumikizanso.

Fita_wa_ku_Biwi:
Bwana, onaninso ngati kudukako kukugwirizana ndi injini kapena mabampu. Wailesi ikamaphethira pa msewu wa fumbi, Bluetooth ilibe mlandu, ndi waya wa earth kapena pulagi ya kuseri imene yakhwepa. Ikani multimeter (choyezera magetsi) pa batire ya galimoto: injini yozima izionetsa cha m'ma 12.6 V, ikulira pakati pa 13.8 ndi 14.4 V. Chaja yotchipa ya pa cigarette lighter nayonso imabweretsa phokoso, ndiye yesani mutaizula.

Zonse zikakana, ine sindingakulimbikitseni FM transmitter (kachipangizo kotumiza nyimbo za pa foni ku wailesi ngati siteshoni ya FM) pa galimoto imeneyi. Mawailesi a ku Japan a nthawi imeneyo amagwira 76 mpaka 90 MHz, pamene kuno FM imayambira 87.5 mpaka 108. Ndiye mumatsala ndi kampata ka 87.5 mpaka 90 basi, ndipo mu Lilongwe ndi Blantyre kupeza malo opanda siteshoni pamenepo n'kovuta. Ngati anakuikirani band expander (kachipangizo kothandiza wailesi ya ku Japan kugwira masiteshoni a kuno), nambala ya pa wailesi siifanananso ndi ya pa transmitter.

Ngati wailesi ili ndi AUX, gulani ka Bluetooth receiver ka pulagi ya 3.5 mm, kapena ingolumikizani ndi chingwe. Mukamva kakulira kopyapyala kokwera mukaponda mafuta, ameneyo ndi alternator akulowa kudzera pa chaja. Ikani ground loop isolator (kachipangizo kosefa phokoso lamagetsi) pakati pa receiver ndi AUX, kulirako kutha.