Kamakina kodulira masamba kaja: tigule kapena tisiye?

Mlembi wa kalabu, Bvumbwe: Akuluakulu, nkhani yogulira kalabu yathu ya alimi kamakina kodulira masamba kaja tiimalize, poti achimwene a ku Ely, ku England, akuti mwezi wamawa kuli wina akubwera kumudzi, atha kutinyamulira. Dzina lake ndi Quick Cut Greens Harvester, opanga ndi a Farmers Friend a ku Tennessee, ku America. Mtengo ndi madola opitirira 500, ndipo drill yoyendetsera (chobowolera cha batire) ndi yogula payokha. Ndalama ndi za thumba la tonse, ndiye aliyense alankhule.

Mayi NaJere: Vidiyo ija ya kamakinako ndaionera, zokongola ndithu. Koma mwawaona masamba akudulidwawo? Ndi tiletesi ndi tisipinachi tanthete, totalika ngati chala. Ife mpiru, repu ndi chainizi timathyola tsamba limodzilimodzi kuyambira m'munsi, mtengo n'kutsala, sabata yamawa tithyolanso. Nkhwani ndiye osanena, imayanga. Kamakinako kakalowa pati?

Achimwene a ku Ely: Mayi, mwanena zoona, si ka repu wamkulu. Ndifotokoze mmene kamagwirira. Kutsogolo kuli mpeni wamanomano woyenda uku ndi uku. Pamwamba pake pali burashi ya zingwe zofewa, imazungulira n'kumakankhira masamba odulidwa m'thumba lansalu lakumbuyo. Zingwezo ndiye nzeru yake yonse: tsamba silifinyidwa ndi chala kapena chitsulo, limangogwera m'thumba. Kamadula mulifupi mwa mainchesi 15, ndiye bedi la mainchesi 30 mumapita kamodzi, pobwerera latha. Mukadula pamwamba pa nsonga yophukira, masamba amaphukanso.

Bambo Mbewe, wowotcherera: Ine changa ndi mpeni. Tsamba silionongeka chifukwa ladulidwa, limaonongeka chifukwa ladulidwa ndi chobuntha. Mpeni wobuntha umatafuna phesi, podulapo pamada, pofika madzulo payamba kuola. Tsono mpeni wamanomano sunoleka pamwala ngati chikwanje. Ukagunda kamwala pabedi, wina tikautenga kuti? Ndipo madola ake tikawapeza kuti masiku ano? Mukagula, pakhale mipeni yapadera m'chikwama chomwecho, apo ayi kakhala chokongoletsa mu ofesi ya kalabu.

Mayi NaJere: Ndiye poti mabedi athu ndi a m'dimba, a zibuma. Pena pokwera, pena potsika.

Achimwene a ku Ely: Apo ndiye pali nkhani yeniyeni, kuposa mtengo. Makina onse odula masamba anthete, ngakhale akuluakulu a ku Italy monga a Ortomec ndi Hortech, amameta bedi lonse pamlingo umodzi ngati wometa mutu. Bedi likakhala losasalala, pena mudula dothi, pena mungodula nsonga. Udzu nawo sasankha. Chisoso chikamera pakati pa letesi chimalowa m'thumba momwemo, kenako mukhala pansi kumachotsa ndi manja, nthawi munapulumutsa ija yapita. Mbewu imafesedwa mothithikana m'mizere yoongoka, osati kuwokera. Kunena mosabisa, mukagula kamakinaka mwagulanso kalimidwe kena.

Anganga a Tadala: Ana inu, kodi ku Ulaya komweko letesi wamitu amadula ndi chiyani?

Achimwene a ku Ely: Ndi mpeni wam'manja, agogo, anthu atawerama m'munda. A yunivesite ya Cambridge anapanga loboti yotchedwa Vegebot, anaiyesa m'minda ya kampani ya ulimi ya G's kuno, nkhani yake inatuluka mu 2019. Inali ndi makamera oona ngati mutu wakhwima, n'kuugwira mosamala podula. Inkatha, koma munthu ankaiposa liwiro kutalitali. Ku California, a Taylor Farms amadula letesi wa romaine ndi madzi othamanga mwamphamvu m'malo mwa mpeni. Onsewa akuthawa chinthu chimodzi, kutekedza tsamba.

Anganga a Tadala: Ndiye ngati eni ndalama akuweramabe, ife tikuthamangira chiyani?

Chemwali a ku Limbe: Agogo, ndilankhuleko mbali inayo, chifukwa mwaunjikira kumodzi. Ine ndimapereka ndiwo kumalo odyera mu Blantyre muno. Saladi wa masamba anthete amafunsidwa, ndipo amagula pa kilo, osati pa mpukutu. Vuto ndi nthawi. Ayenera kudulidwa m'mamawa dzuwa lisanatenthe, kutsukidwa m'madzi ozizira, kuumitsidwa, n'kufika mtauni asanafote. Ndi mpeni wam'manja, aganyu atatu amafika 9 koloko asanamalize, omaliza kudulidwawo atalefuka kale. Apo kamakinako kangathandize zedi.

Bambo Mbewe, wowotcherera: Chemwali, ogulawo alipo angati? Alemba pepala kuti azitenga sabata iliyonse?

Chemwali a ku Limbe: Pepala palibe. Amaimba foni akafuna.

Mayi NaJere: Ndiye basi. Komanso masamba ambiri amationongekera panjira, osati pothyola. Timawapanikiza m'thumba la feteleza, wa minibasi n'kuikapo katundu wina pamwamba, pofika ku Limbe apakati atentha, achita chikasu. Ndalama yomweyo itha kugula makireti apulasitiki okwanira kalabu yonse, n'kutsalako ya neti yamthunzi.

Achimwene a ku Ely: Makireti sindikutsutsa. Ine ndimangodandaula misana yanu.

Mlembi wa kalabu, Bvumbwe: Ndamva mbali zonse. Ndikuona motere: mwezi uno tisagule. Bambo Mbewe atikonzere chosalazira, tisalaze mabedi anayi kumunsi kwa dimba la kalabu, tifese letesi ndi sipinachi mothithikana, tidule ndi mipeni yakuthwa. Chemwali akayese msika mpaka mvula iyambe. Akamatenga sabata ndi sabata, tidzaitanitsa pamodzi ndi mipeni yapadera ndi mabatire awiri. Za makireti tivote Loweruka.

Chemwali a ku Limbe: Chabwino, koma mbewu ya letesi ikhale yamitundumitundu, yofiira ikhalepo. Wobiriwira yekhayekha sakamugula.

Bambo Mbewe, wowotcherera: Achimwene, munditumizireko chithunzi cha pamene drill imalumikizana ndi mpeni, chapafupi. Ndikufuna ndione kaye.