Pampu ya thanki ya nsomba yandigwira shoko, ndithandizeni

Abale anga a kuno ku Joni, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito ya pakhomo ku Randburg, ndipo abwana apita ku Durban atandisiyira thanki ya nsomba ya malita 200.

Pampu ya m'madzi ija yakhala ikuvuta. Magetsi akathima n'kuyakanso, imangolira osakankha madzi mpaka nditaigwedeza. Lachiwiri ndinaitsegula, ndinachotsa ndere ndi tizigoba ta nkhono pa impeller (kachipangizo kozungulira komwe kamakankha madzi), inayamba bwinobwino.

Koma dzulo nditapisa dzanja m'madzi, chala chomwe chili ndi kabala chinachita kuti nyeee, ngati shoko. Magetsi a kuno ndi 230 volts, si ocheza nawo, ndiye ndazula mapulagi onse. Chondidabwitsa, earth leakage, switchi yachitetezo ya pa bolodi la magetsi, sinagwe. Paja imagwa magetsi othawa akafika 30 mA, eti?

Kodi wolakwa ndi pampu kapena heater yotenthetsa madzi a m'thankimo? Zonse zili pa adaputa imodzi pansi, pomwe madzi amadonthera potsata chingwe. Ndingayeze bwanji osapisamo dzanja?

Pakadali pano ndikutunga madzi ndi jagi n'kumathira kuchokera m'mwamba kuti mpweya uzilowa. Nsombazi zingapirire chonchi mpaka Lolemba?