Fumbi la miyala lingayambitse lupus? Thandizeni abale

Admin ndibiseni dzina chonde. Ndine wa kuno ku Chikwawa. Achemwali anga akhala akuphwanya miyala ya kwale m'mbali mwa msewu kumunsi kwa Thabwa zaka 9 tsopano, ndi momwe akulelera ana. Chiyambire chaka chatha zala ndi mawondo zimangotupa, tsitsi likuthothoka, m'masaya mwatuluka zidzolo zodutsa pamphuno ndiye akakhala padzuwa zimachita kunyanya, dzuwa lake la kunoli mukulidziwa. Malungo ayezetsa kangapo osawapeza, TB ayinso. Adokotala ena atamva za ntchito yawo anati mwina ndi lupus, tipite ku Queens. Kumudzi akuti alodzedwa, ine mutu waima. Zoona fumbi lingadwalitse mafupa ndi khungu? Ine ndimadziwa za chifuwa basi.

Namwino wa ku Nchalo: Zimatheka achemwali. M'miyala ndi mumchenga muli silica, fumbi lake ndi losalala kwambiri moti silioneka ndi maso, likalowa m'mapapo silituluka ndiye asilikali a m'thupi amangolimbana nalo zaka ndi zaka mpaka kwa ena amasokonekera nkuyamba kuukira thupi lomwelo. Mwa njira imeneyi munthu atha kudwala lupus, nyamakazi ngakhalenso scleroderma yomwe imaumitsa khungu. Koma si aliyense, ndipo lupus imakonda amayi ngakhale osagwira miyala. Akayezetse magazi a ANA (oona ngati asilikali a m'thupi akuukira thupi lomwelo), mkodzonso chifukwa lupus imawononga impso mwakachetechete. Pemphaninso X-ray ya pachifuwa.

Bambo a ku Bangula: Agogo athu anabwera ku Joni ndi chifuwa cha m'migodi ya golide, fumbi lake ndi lomweli. Ndipo dokotala wina dzina lake Erasmus anazilemba kale mu 1957 kuti anthu a m'migodi ya ku South Africa akuuma khungu. Musataye ndalama kwa asing'anga.

Mayi a ku Ngabu: Kumanga chitenje kukamwa sikutchinga fumbi limeneli, pamafunika masiki a N95 ndi kumathira madzi pamwala pophwanya. Koma mmene afikiramu ayambe apuma kaye, azivala chipewa ndi malaya a mikono yaitali. Ndipo ana asamakhale nawo pamulu paja chonde.

Wofunsa: Takhuta nonse. Za anazo zandiwawa, wamng'ono wakulira pompo ali kumsana. Lolemba tikwera ku Blantyre zivute zitani. Koma ndifunsenso anamwino, akasiya miyalayi lero matendawa angabwerere m'mbuyo, kapena ndi mankhwala moyo wonse?