"Wamisala adaona nkhondo": kodi mwambiwu ungamukhudze wamisala amene adayambitsa yekha nkhondoyo?

Mdzukulu wa ku Ntcheu:
Akuluakulu, ndithandizeni. Dzulo tinatsutsana ndi achimwene anga mpaka nsima kuzizira. Ndimawafotokozera za Charles Guiteau, yemwe adawombera James Garfield, pulezidenti wa Amereka, pa 2 Julaye 1881 pa siteshoni ya sitima ku Washington. Munthuyu moyo wake wonse udali wa zolephera. Adayesa uloya ku Chicago, sizidayende. Adayesa ulaliki, anthu samabwera, ndipo amathawa m'nyumba za alendo osalipira. Pa chisankho cha 1880 adalemba kapepala koyamikira Garfield, ndiye Garfield atapambana iye adakhulupirira kuti ndi kapepala kakeko kadamupambanitsa. Adayamba kuvutitsa boma kuti limupatse ntchito yoyimira dziko lake ku Paris, mpaka nduna yoona zakunja, James Blaine, idamuuza kuti asadzatchulenso nkhaniyo. Apo ndiye adati Mulungu wamuuza kuti achotse pulezidenti.

Tsono apa m'pamene tinasiyana. Garfield sadafe tsiku lomwelo. Adavutika masiku 79, kudzamwalira pa 19 Sepitembala. Madokotala amapisa zala zosasamba ndi zitsulo m'balamo kufuna chipolopolo, bala mpaka kuola. Pa mlandu wake Guiteau adati iye adangowombera, amene adapha ndi madokotala. Achimwene atamva zimenezi anangoti, "Wamisala adaona nkhondo." Ine ndikuti mwambiwu saunena choncho. Ndani akulondola?

Mphunzitsi wopuma, Dedza:
Mwana wanga, tiyambe ndi mawu oti nkhondo, chifukwa achinyamata mumangoganiza za mizinga. Kale akati "nkhondo yabwera" amatanthauza anthu enieniwo, gulu la adani ndi zishango ndi mikondo likutsika phiri. Nkhondo imaoneka ndi maso, imakhala ndi miyendo. Momwe tidamvera ife kwa agogo, wamisala uja amangoyendayenda kutchire, ndiye adawaona adaniwo asadafike. Adathamangira kumudzi kukanena, anthu n'kumuseka kuti ayamba zake zija. M'mawa mudzi udali phulusa. Ndiye mwambiwu ukutilangiza kuti tisanyoze mawu chifukwa cha pakamwa pomwe atulukira.

Mdzukulu wa ku Ntcheu:
Zikomo aphunzitsi. Ndiye mukugwirizana ndi ine? Wamisala wa mumwambi amachenjeza anthu tsoka lisadagwe, amafuna kuwapulumutsa. Guiteau amalankhula munthu atafa kale, pofuna kupulumutsa khosi lake.

Namwino wa ku Zomba:
Pepani ndilowerere. Ine ndili kumbali ya achimwene anuwo. Mwambi sunati wamisalayo adali wabwino mtima, wangoti adaona. Ndipo pa nkhani ya bala ija Guiteau adaonadi. Nthawi imeneyo Joseph Lister, dokotala wa maopaleshoni wa ku Britain, adali ataphunzitsa kale zoti manja ndi zipangizo azitsuka ndi mankhwala opha tizilombo, koma madokotala ambiri a ku Amereka amaziona ngati zachabe. Dokotala wamkulu wa Garfield, Willard Bliss, adali mmodzi wa iwo. Alexander Graham Bell, wa telefoni uja, adabwera ndi makina ofufuzira chitsulo m'thupi, chipolopolocho osachipeza. Madokotala ambiri lero amati balalo akadalisiya laukhondo munthuyo akadatha kuchira. Ine ndagwira ntchito muwodi zaka zambiri, ndikudziwa fungo la bala lomwe lalowa mafinya. Likafika pamenepo, kale kopanda mankhwala athu ano, kumangokhala kudikira.

Mphunzitsi wopuma, Dedza:
Amayi, mwanena zoona, koma taonani. Madokotalawo akadapisa zala zawo pati pakadapanda bala? Munthu watentha tchire, moto wafika pa nkhokwe, kenako akuti olakwa ndi amene adazima moipa. Mawu akewo ali ndi choonadi mkati, sindikukana, koma mwambi uwu timaunena poikira kumbuyo munthu wonyozeka amene sadamvedwe. Kuupereka kwa amene adabweretsa tsokalo kuli ngati kumupatsa ulemu wa mlonda.

Komanso funso lina ndi lakuti, adalidi wamisala? Mlamu wake George Scoville, yemwe amamuyimira pa mlandu, adatsamira pomwepo. Guiteau amatukwana mboni, kutukwana ngakhale loya wake yemweyo, kumalakatula ndakatulo m'khoti. Koma munthu yemweyo adabwereka ndalama n'kugula mfuti, adakaphunzira kuwombera m'mbali mwa mtsinje, adamuzembera Garfield kwa masabata, adapitanso kukaona ndende yomwe adzatsekeredwe kuti aone ngati ndi yabwino. Khoti lidati amadziwa zomwe amachita, ndipo adanyongedwa pa 30 Juni 1882.

Wa ku Chipata:
Kuno kwathu timati "wamisala anaona nkhondo", tanthauzo ndi lomwelo. Koma ine mwambi womuyenera munthu ameneyu ndikuona ndi wina: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Ntchito ya ku Paris palibe adamulonjeza, iye adayamba kale kuyetsemula. Ndipo anthu otere alipo ambiri chisankho chikatha, ovina pa msonkhano umodzi n'kumadikira galimoto ya boma. Ku Amereka imfa imeneyi idawachititsa manyazi mpaka mu 1883 adakhazikitsa lamulo la Pendleton, loti ntchito zina za boma azilemba munthu atakhoza mayeso, osati chifukwa adaimbira chipani m'manja. Adalisainira ndi Chester Arthur, pulezidenti wolowa m'malo mwa Garfield, yemwe Guiteau amayembekezera kuti amutulutsa m'ndende pomuthokoza.

Namwino wa ku Zomba:
Aphunzitsi, nanga wonena zoona akakhala woipa, mwambi wake ndi uti? Chifukwa madokotala aja adatumiza ku boma mabilu awo a chithandizo, ndipo palibe adaimbidwa mlandu.

Mdzukulu wa ku Ntcheu:
Funso limenelo ndi lomwe achimwene anandifunsa, ndinasowa choyankha. Loweruka ndikupita kumudzi, agogo aakazi akadali moyo ndipo miyambi amaidziwa ndi nthano zake zomwe. Vuto ndi loti ndiyenera kuyamba kuwafotokozera kuti Washington ndi kuti.