Ndiyambire pati kukongoletsa nyumba ya lendi chaka chino?

Anzanga okonda kukongoletsa m'nyumba, ndithandizeni nzeru. Chaka chino ndatsimikiza mtima kusintha maonekedwe a pabalaza pang'onopang'ono, osatenga ngongole. Nyumbayi ndi ya lendi ku Area 25 ku Lilongwe, ndiye sindingagumule kalikonse.

Chikundisowetsa mtendere ndi khoma. Mvula ya Januwale ikalimbikira, m'munsi mwake mumanyowa mpaka kuchita chuku. Kodi ndipake penti panopa, kapena ndidikire Meyi kunja kukauma? Nanga pakati pa penti ya madzi ndi ya mafuta, yopirira chinyontho ndi iti?

Ndikufunanso mipando yoluka ya nsungwi m'malo mwa sofa, poti zopangidwa konkuno zimandisangalatsa, komanso makatani a chitenje. Inu amene muli nazo, mipandoyi mumaisamala bwanji kuti isafumbwe? Chitenjecho sichisuluka msanga pawindo lowomba dzuwa?